Mbuzi ya Malemu Yanenepa

Mumsewu wa kuseri kwa msika munalibe munthu amene sankamudziwa Dona. Anali mbuzi ya thadzi yofiirira, ya banga loyera pamphumi, ndipo ankayenda ngati mkazi wa bwana amene wavala nsapato zothina. Dzinalo anamupatsa ndi malemu akazi awo a Atelala, ndipo linamukhala. Mbuzi zina zimadya chimene zapeza, koma Dona ankayamba wanunkhiza, kenako n'kukuyang'ana ngati akufunsa kuti waphika ndani.

Atelala ankasokera pakhonde la nyumba yawo, pa makina akale opondera ndi phazi. Pambali panali tebulo la nsalu, choko, ndi sizasi imene munthu wina aliyense sankaloledwa kuigwira. Tepi yoyezera inkakhala m'khosi mwawo tsiku lonse. Kuseri kwa nyumba, kupitirira chingwe choyanikira zovala, kunali khola la matabwa limene mayi aja anakhoma okha. Kale linkadzaza, ndipo mbuzi zonsezo zinachokera kwa thadzi limodzi limene mayiwo analera kuyambira ali mtsikana. Matenda a mayiwo atakula, mbuzi zinagulitsidwa imodziimodzi mpaka kunatsala Dona yekha. Chimene mayiwo anapempha kumapeto chinali chimodzi. "Bambo a mwana, khola langa lisazime."

Koma khola linkazima. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso n'kupita, Dona osatenga bere. Atelala ankapita naye kwa tonde wa mwini chigayo, koma Dona akafika ankangogona pamthunzi n'kumabzikula, tonde uja n'kuzungulirazungulira mpaka kugwa mphwayi.

Mng'ono wawo wa Atelala anali wogulitsa nyama, ndipo maso ake akaona chiweto ankaona ntchafu ndi nthiti basi. Akabwera kudzacheza sankachedwa pakhonde, ankalunjika kuseri.

"Achimwene, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero tsiku lina akusisita msana wa Dona. "Iyi ndi chumba, vomerezani. Ndipatseni isanakalambe, ndikupezerani kamsoti kena kabwinobwino."

"Kamsoti kenako kadzakhala ka ndani?"

"Mbuzi ndi mbuzi, achimwene."

"Kwa iwe," anatero Atelala, n'kubwerera ku makina.

Chimene mng'ono wawoyo sankadziwa, ngakhalenso mwana wawo wamkazi, n'chakuti Dona ankadya chakudya cha anthu awiri. Mwanayo anali pabanja kutsidya kwa msika, ndipo masana aliwonse ankabweretsa mbale yovindikira, n'kutenga ya dzulo. Akachoka, Atelala ankanyamula mbaleyo ndi kampando kupita kukhola. Ankavundukula, kulawa pang'ono, zotsalazo n'kumupatsa Dona, pamwamba pa madeya amene ankamudzazira kale m'chidebe. Kunali kupusa, ndipo pansi pa mtima ankadziwa. Koma miyezi yomaliza ya akazi awo, iwo ndi amene ankalowa kuchipinda ndi mbale n'kutuluka nayo ili yodzaza, tsiku ndi tsiku, akuyesa ichi ndi icho. Munthu amene waona zimenezo sakana pakamwa pamene pakupempha. Kumuona Dona akunyambita mbale mpaka mbee kunkawatonthoza kuposa mawu onse a anthu opepesa.

Mwanayo ndi amene anaitana alangizi a ziweto. Anabwera pa njinga yamoto, mayi wamfupi wovala majombo, wosachedwa ndi malonje. Anamutsegula Dona kukamwa, anamuyang'ana m'zikope, kenako anagwira dzanja la Atelala n'kuliika pamsana pa mbuziyo.

"Dinikizani. Mukumva fupa?"

Atelala anadinikiza. "Ndikumva pilo."

"Ndiye vuto lake. Mbuzi yanuyi si chumba, bambo, yanenepa. Anthu ambiri amandiitanira zowonda. Yowonda sitenga bere chifukwa thupi limati ndiyambe ndadzisunga ndekha. Koma yonenepa chonchi nayonso sitenga. Mafuta amakuta m'kati monsemu, ndipo ngakhale nthawi yofuna tonde ikafika, imadutsa mwakachetechete, mwini wake osadziwa. Mumaipatsa chiyani?"

"Madeya pang'ono," anatero Atelala akuyang'ana kudenga la khola.

Alangiziwo anaseka. "Pang'ono pa chikondi ndimapadziwa. Chifundo chinapha nkhwali. Kuyambira lero masamba a mitengo, udzu wouma, madzi abwino ndi mwala wa mchere woti izinyambita. Madeya ayi, za patebulo ayi. Iziyenda tsiku lililonse. Koma musaiphe ndi njala, mafutawa azichoka pang'onopang'ono. Tikufuna kuti mukagwira pamsanapa muzimva mafupa ngati a kuseri kwa dzanja lanu." Anaima kaye n'kuwonjezera motsitsa mawu. "Mano ake ayamba kuperepeseka. Nthawi ilipo, koma si yambiri."

Njinga itangochoka, Atelala anachotsa tepi m'khosi, anamuzunguliza Dona pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, n'kubaya pini pamene tepiyo inakumana. Anali atayeza anthu moyo wawo wonse, ndipo ankadziwa kuti kasitomala amanama koma tepi sinama. Anatsimikiza mtima kuti pini ameneyo abwerera m'mbuyo, zivute zitani.

Zinavuta. Dona ataona udzu wouma m'chidebe anaununkhiza, anawayang'ana Atelala, n'kuyamba kulira kulira kumene msewu wonse unamva. Ankalira m'mawa, ankalira masana. Atelala ankaponda makina mwamphamvu kuti phokoso liphimbe, mpaka anasoka thumba la thalauza la munthu kulitseka. Kangapo konse anadzipeza ataima pakhomo la kuseri ndi buledi m'manja, ndipo ankabwerera osamupatsa. Zinkawawa, chifukwa kulira kwa njala m'nyumba imeneyo kunali chinthu chimene anachilakalaka kwa miyezi yambiri osachimva, ndipo lero chinabwera iwo n'kumachikana.

M'mawa uliwonse ankamumanga chingwe n'kuyenda naye kuzungulira msika mpaka kubwalo la mpira. Anthu a m'misika pakamwa pawo palibe zipi.

"Atelala, mwagula galu wa nyanga?"

"Mukupita nawo kukayezetsa diresi Adonawo?"

Atelala ankangokweza chipewa n'kumapitirira. Koma mwezi utatha, atazunguliza tepi, inakumana pomwe paja pa pini. Anayezanso, poganiza kuti Dona watupitsa mimba mwadala, koma zinali chimodzimodzi.

Yankho analipeza masana ena atapita kuseri kukayanika nsalu. Pampanda, kunja kwake, panali patagwada mayi wogulitsa masamba, dzanja atalilowetsa pampata, Dona akudya nthochi zakupsa. Mayiwo ankalankhula motsitsa, ngati mmene akazi amalankhulira pamene akutsuka mbale limodzi, akusimba za mpongozi wawo wovuta.

"Mayi, mukutani?"

Anadzidzimuka, nthochi n'kugwa. "Pepani, Atelala. Ndimangobwera kudzacheza ndi anzanga." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mwamuna wanga atandithawa, akazi anu ndi amene ankandipatsa mkaka wa mbuzi wa mwana wanga, osandifunsa kanthu. Ndikamva mbuzi yawo ikulira chonchija, mtima sundilola. Ndipo si ine ndekha. Wabuledi amabwera m'mawa mukamatsegula makina. Achigayo amatumiza madeya."

Atelala anayang'ana nthochi imene inagwa pansi. Iwo ankaganiza kuti akulira okha, osadziwa kuti msewu wonse unkalirira kuseri kwa nyumba yawo, aliyense nthawi yake, ndipo misozi yonseyo inkathera m'mimba mwa Dona.

Tsiku lomwelo anavala jekete n'kuyenda khomo ndi khomo. Kwa wabuledi anamva kuti malemu ndi amene anachezera naye kuchipatala pamene mkazi wake ankachira movutikira. Kwa mwini chigayo anamva nkhani ina imene sanaimvepo. Kulikonse ankamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kunena zomwe anabwerera.

"Ngati munkawakonda, mumaneni Dona. Mukapitiriza, adzafa wonenepa, ndipo khola lawo lidzathera pa mpeni wa mng'ono wanga."

Wabuledi anakhumudwa. "Ndiye kabanzi kamodzi kangalepheretse mbuzi kubereka?"

"Kanu kamodzi, ka uyu kamodzi, ka ine mbale yathunthu," anatero Atelala. Aka kanali koyamba kuti atchule za mbale, ndipo wabulediyo sanamvetse. Pobwerera anatola matumba akale, anawasoka pamodzi ndi ulusi wolimba, n'kutchinga mipata yonse ya mpanda, chifukwa ankawadziwa anthu a mtima wabwino kuti lonjezo lawo limatha mbuzi ikangolira.

Pini anayamba kubwerera m'mbuyo. Koma panabuka china. Mbale za masana, zimene kale zinkabwerera zoyera, tsopano zinkabwerera zodzaza. Mwana wawo anapirira masiku angapo, kenako tsiku lina anavundukula mbale pamaso pawo, anaiyang'ana, anayang'ana kukhola, n'kukhala pansi.

"Bambo, nthawi yonseyi ndimaphikira mbuzi?"

Atelala anayamba kufunafuna choko chimene chinali m'manja mwawo.

"Imirirani."

Anaimirira. Mwanayo anakweza jekete lawo n'kuona thalauza. Linali litapindidwa m'chiuno kambirimbiri, mwaluso, msoko pamwamba pa msoko, moti munthu wongodutsa sakanaona. Telala amatha kubisa kuwonda kuposa munthu wina aliyense. Mwanayo anawachotsa tepi m'khosi, anawazunguliza m'chiuno, n'kubaya pini wachiwiri.

"Wa Dona azibwerera m'mbuyo, wanu azipita kutsogolo. Amayi ananena za khola, koma sananene kuti inu muzime."

"Sichitsika, mwananga," anatero Atelala. "Ndikavundukula mbale ndimaona chipinda chija."

Mwanayo anawabwezera tepi m'khosi. Anatenga mbale yodzazayo n'kupita, ndipo mawa lake anabweretsa ina. Kuuma mutu anatengera kwa bambo ake.

Dona anasintha. Khosi linaoneka, miyendo inatalika, ndipo pobwera kubwalo la mpira ndi iye amene ankakoka chingwe. Atelala akagwira pamsana ankamva mafupa pansi pa nyama, monga ananenera alangizi. Ndiye m'mawa wina kulira kwake kunamveka kwachilendo. Atapita kukaona anamupeza akuyendayenda m'khola, mchira ukugwedezeka osaleka, udzu osaulabadira. Nthawi yofuna tonde inali itakwana. Pamakina panali suti ya mkwati yosamaliza. Anaisiya singano ili m'nsalu, n'kuthamanga naye kuchigayo atavala patapata. Ulendo uno Dona sanafune mthunzi.

Koma patapita milungu ingapo mchira unayambanso kugwedezeka. Sanatenge. Mng'ono wawo anamva, ndipo anabwera akuimba mluzu.

"Mwaichotsa mafuta onse, achimwene, ndiye mwaiwononga kawiri. Mwana palibe, nyama palibe."

"Chingwe chili apo, ndipatsire," anatero Atelala. "Tikubwerera kuchigayo."

Ulendo wachiwiriwo unagwira. Mwezi unadutsa mchira uli phee, winanso unadutsa, ndipo alangizi atabwera n'kugwira m'mimba anagwedeza mutu movomereza. Anachenjeza kuti ntchito sinathe. Miyezi yoyamba adye monga mwa masiku onse. Kumapeto, mwana akamakula msanga, adzafunika chakudya chabwino: masamba a nyemba, madeya pang'ono, kangapo patsiku, chifukwa mimba idzakhala yopanikizika. "Ndipo mbuzi imene inanenepapo kwambiri muziiyang'anitsitsa," anatero. "Ikangosiya kudya masiku omalizawo, mundiitane nthawi yomweyo."

Nthawiyo itakwana, Atelala anavalanso jekete n'kuyenda khomo ndi khomo, ulendo uno kukamasula anthu. Anawauza kuti abweretse, koma adzere pakhonde, iwo ayeze. Mayi wa masamba anayamba kusunga makoko a nyemba ndi masamba abwino. Wabuledi anauzidwa kuti yekhayo adikirebe, ndipo anang'ung'udza kuti nyumba imeneyi ili ndi tsankho.

Ndiye tsiku lina, mawere a Dona atayamba kale kudzaza, Atelala anapita kukatenga chidebe n'kuchipeza momwe anachisiyira. Dona anali atagona pakona, mutu atautsamiritsa kuthabwa, maso ali pakatikati. Atelala anaima ndi chidebe chodzazacho m'manja, ndipo anachita mantha amene anali asanachitepo chichokereni maliro. Ankaudziwa ulendo umenewu, wochoka kwa wodwala ndi chakudya chosakhudzidwa.

Alangizi anafika msanga. Anamumwetsa mankhwala otsekemera a m'botolo, anamubaya jekeseni, n'kunena mosabisa. "Mwana akukoka chakudya, mayi sakudya, ndiye thupi layamba kudzidya lokha. Mankhwalawa angomugwiriziza. Akapanda kuyamba kudya yekha, titaya onse awiri."

Msewu wonse unabwera. Wina anabweretsa masamba anthete, wina nthochi, wabuledi anabwera ndi banzi lake ndipo palibe anamuletsa. Dona ankanunkhiza n'kutembenuza nkhope. Ngakhale mng'ono wawo uja anabwera, anaima patali manja ali kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatchule za mpeni. Anthu atatopa anabalalika mmodzimmodzi. Atelala anatsala pakampando kawo pakhomo la khola, nthambi ya masamba ili m'manja, akuisendeza pafupi, Dona n'kumaikana. Nawonso Atelala sanadye, sanamwe, ndipo sanaganize zochokapo.

Masana mwana wawo anafika ndi mbale yovindikira. Anaona bambo ake, anaona mbuzi, ndipo anaika mbaleyo pamiyendo pawo mwamphamvu.

"Uyu akukana, inu mukukana. Ine ndatopa kubweza mbale m'nyumba muno, bambo. Ndinabweza za amayi, ndikubweza zanu. Ndilibenso mphamvu."

Anapita kukaima pa chingwe choyanikira zovala atawafulatira, ndipo mapewa ake ankagwedezeka. Atelala anali asanaganizepo kuti mbale zimene ankatuluka nazo kuchipinda kuja, amene ankaziphika ndi kuzilandira kukhitchini anali mwana ameneyu. Anachita manyazi. Anagwira chivindikiro n'kuvundukula, osati chifukwa cha njala, koma kuti mwanayo amve.

Chivindikiro chinalira pambale. Khutu la Dona linagwedezeka.

Atelala anaona. Anatenga supuni, anatapa mpunga ndi nyemba, n'kuika m'kamwa. Chinali ngati utuchi, koma anatafuna n'kumeza. Supuni inagunda mbale kachiwiri. Dona anatukula mutu. Phokoso limenelo ankalidziwa bwino, pakampando pomwepo, nthawi yomweyo ya masana, ndipo kwa zaka linkatanthauza kuti mbaleyo ndi yake. Tsopano nkhalambayi inkadya yokha iye akuona. Anadzikoka, anagwada ndi miyendo yakutsogolo, anaimirira monjenjemera, n'kubwera mphuno ili patsogolo.

"Iyi ndi yanga, mayi," anatero Atelala motsitsa, akukweza mbale. "Yanu ndi iyi."

Anamupatsa nthambi ija. Dona anawayang'ana monyoza, ndipo mwaukali anathyola tsamba limodzi. Anatafuna. Anathyola lina. Atelala anaika supuni pansi kuti aonerere, ndipo nthawi yomweyo Dona anasiya n'kuyamba kutembenuka. Anatolanso supuni msangamsanga. Zinapitirira choncho, iwo supuni, iye tsamba, ndipo chakudya chikafuna kubwerera pakhosi ankachikankha ndi madzi n'kutapanso. Akasiya, mbuzi isiya. Analimbana nayo mbale ija ngati mmene ankalimbanirana ndi nsalu yolimba, pang'onopang'ono, osadumpha msoko, mpaka supuni inakanda pansi.

Atakweza maso anapeza mwana wawo ataima pambali pawo, atanyamula nthambi zina. Anangowapatsira imodzi, n'kutenga mbale yopanda kanthuyo n'kuigwira pachifuwa.

Masiku otsatira anadya choncho, m'mawa, masana ndi madzulo, munthu ndi mbuzi kuyang'anizana. Alangizi atamva anaseka mpaka kugwira mpanda, n'kunena kuti mankhwala amenewo sanawaphunzirepo, koma asasiye.

Dona anaswa m'mawa wina dzuwa litangotentha, Atelala akusoka batani. Anamva kamawu kakang'ono kuseri, anasiya zonse. Pa udzu panali kamwana konyowa, kakuyesa kuimirira pa miyendo yotalika kuposa thupi, Dona akukanyambita mofulumira. Atelala anagwada n'kukatembenuza mosamala. Kanali kakakazi, ndipo pamphumi panali banga loyera, lopendekera pang'ono ngati la mayi ake. Anakhala pansi pa matabwa pomwepo n'kulira, kulira kwenikweni, kumene pamaliro anakumeza chifukwa cha anthu.

Mwana wawo atafika masana anawapeza akadali komweko, maso ofiira, akuzunguliza tepi pachifuwa cha kamwanako.

"Bambo, kabadwa lero lomwe, mwayamba kale?"

"Tepi sinama," anatero Atelala. "Aka sitikanenepetsa. Uwauze onse, makamaka wabuledi."

Anamupatsa mbale ya dzulo. Mwanayo anaivundukula, anaipeza yoyera, ndipo mwachizolowezi anamuyang'ana Dona mokayikira.

"Ndadya ndine," anatero Atelala. Analandira mbale yatsopano, anaiyeza kulemera kwake m'manja, n'kumuyang'ana mwana wawo. "Koma mawa uwonjezereko pang'ono, mwananga. Dzulo sindinakhute."